Plastisol, inki yamadzi kapena phala? Kusankha chodindira nsalu kuno ku Harare

Kuseri kwa nyumba yathu ku Mufakose kuli mpopi umodzi ndi kangalande ka simenti kotsikira kumsewu. Kwa zaka zambiri ndinkatsukira pamenepo masikirini, mafulemu aja okungidwa nsalu ya timabowo todutsa inki podinda. Tikadinda matisheti a timu ya mpira, kangalandeko kankafiira. Tikadinda nsalu za bungwe la maliro, kankabiriwira mpaka pakona. Ana a pamzere wathu ankadziwa oda imene ndalandira pongoona madzi, ndipo ine ndinkaseka nawo. Anandidula kuseka ndi malume anga, amene anakalambira pa ntchito ya mapaipi. Anaima pamenepo tsiku lina, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti, "Mphwanga, madzi awa akuthera kuti?" Ndinati kumtsinje. "Nanga mtsinjewo?" Apo ndinangoti chete, chifukwa yankho ndinkalidziwa.

Harare anamangidwa kumtunda kwa madzi amene amamwa. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imanyamula zonse za m'tauni n'kukathira m'damu la Chivero, lomwe linamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame. Za m'suweji zimadutsa kokonzera suweji ku Firle ndi ku Crowborough, kenako n'kulowera komweko. Kuchoka apo madziwo amakakonzedwa ku Morton Jaffray n'kubwerera m'mipopi yathu, masiku amene abwera. Namasupuni amene adzaza m'damumo tonse timawaona, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'menemo, mpaka usodzi unaimitsidwa. Sindikunena kuti wapha zipembere ndi wodinda matisheti. Suweji ndi mafakitale ndiwo akuluakulu pa mlanduwu. Koma ife odinda tilipo ambiri, ku Mbare, Highfield, Glen View, Mabvuku, m'magalaja ndi m'tizipinda ta m'tauni, ndipo aliyense ali ndi kangalande kake.

Ndiye anzanga akamandifunsa kuti inki yosawononga chilengedwe ndi iti, ndimayankha kuti funsolo ndi theka chabe. Theka linalo ndi lakuti ukamaliza kudinda, zotsala zimapita kuti. Njira zonse zimene nditchule apa ndiziyeza ndi mafunso awiriwo, komanso ndi thumba, poti tonse tikufuna kudya.

Tiyambe ndi plastisol, mfumu ya msika. Iyi ndi pulasitiki ya PVC yoperedwa ngati ufa n'kusakanizidwa ndi mafuta ofewetsa. Siuma yokha. Ukhoza kuisiya pa sikirini, kupita kukadya nsima, kukaonera mpira, kubwera mawa, uipeza ili chomwecho. Imalimba pokhapokha ikatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 160. N'chifukwa chake ophunzira amaikonda, ndipo pa nsalu yakuda kapena pa jezi ya poliyesitala imaoneka bwino kwambiri: yoyera imakhala yoyeradi, yachikasu siimira.

Zoipa zake ndi zitatu. Choyamba ndi mafuta ofewetsawo. Ma plastisol akale ankagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa phthalates, amene ena mwa iwo analetsedwa pa zinthu za ana ku Ulaya, ndiponso ku America kuyambira ndi lamulo la 2008. Masiku ano ilipo yopanda mankhwalawa, koma ambirife timagula inki yopunguliridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ndipo wogulitsa mwiniyo sadziwa chili mkatimo. Chachiwiri ndi kutsuka. Plastisol samva madzi, ndiye timaithira thinala kapena parafini, nsanza zake n'kutaya paliponse. Mutu umene umakupweteka madzulo ukatsuka masikirini asanu m'chipinda chotseka, si njala ayi. Chachitatu n'chakuti PVC sawola, ndipo ukaotcha nsanza zake umatulutsa utsi wa asidi ndi poizoni wina woopsa. Poti galimoto ya zinyalala imatha kusowa kwa masabata, kuotcha ndiye chizolowezi cha ambiri.

Komabe ndinene chimene ena sakonda kumva. Plastisol ili ndi ubwino umodzi umene inki yamadzi ilibe: ukasamala, palibe dontho limene limafika m'ngalande. Popeza siuma, yotsala pa sikirini umaipala ndi kakhadi n'kubwezera m'chitini. Mitundu yotsalatsala umaiphatikiza, imatuluka yotuwa kapena yoderapo, n'kudindira manambala kapena zikwama. Sikirini umayamba kuipukuta ndi nyuzipepala, kenako nsanza yonyowetsa pang'ono ndi mafuta ophikira otsala, omwe amaisungunula ndithu ngakhale mochedwa, n'kumalizira ndi sopo kuti mafutawo achoke. Ngati wagwiritsa ntchito thinala, uifinyire m'botolo lagalasi. Ikagona, inki imakhala pansi ndipo yapamwambayo umatsukiranso. Zimene zatsaliratu uzitenthe pa heat press, makina opsinja nsalu ndi moto, zilimbe ngati labala, kenako zipite m'bini. Wodinda wa plastisol amene amachita izi amaposa wa inki yamadzi amene amatsukira pampopi.

Tsopano inki yamadziyo, imene pachitini amailemba mawu okoma ndi chithunzi cha tsamba. Ndiyo ndimagwiritsa ntchito kwambiri masiku ano, ndiye ndikhala nayo pang'ono.

Mkati mwake muli utoto waufa, guluu wa akiliki womatira utotowo ku ulusi, cholimbitsa kuti ikhale ngati phala, ndi madzi. Ilibe PVC, fungo lake ndi lochepa, ndipo imalowa mu ulusi m'malo mokhala pamwamba ngati chigamba. Pa chitenje, pa nsalu ya patebulo, pa tisheti yoyera ya thonje, palibe yoiposa. Amayi a Chigwirizano atabwera kudzatenga nsalu zawo za msonkhano, mmodzi anaisisita n'kunena kuti, "Bambo, koma mwadindadi? Sikumveka m'manja." Kunja kukatentha, chizindikiro chachikulu cha plastisol pachifuwa chimakutulutsa thukuta, pamene cha inki yamadzi mphepo imapita.

Vuto lake loyamba limaoneka m'Okutobala. Mpweya wa Harare nthawi imeneyo ndi wouma gwaa, ndipo inki imauma m'timabowo ta sikirini ukangotembenuka kuyankha foni. Ndinawonongapo matisheti khumi ndi awiri a sukulu ina ya mkaka tsiku limodzi, zilembo zing'onozing'ono zitatsekeka, ndipo ndinalipira ndekha. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ukangodinda, nthawi yomweyo ukokenso inki mopepuka ikute chithunzi chonse pa sikirini usanachotse tisheti. Ukhale ndi kabotolo kopopera madzi pafupi, uthiremo timadontho ta gilisalini mu inki kuti ichedwe kuuma, ndipo oda yaikulu uiyambe m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ndiponso pamafunika anthu awiri, wina wodinda wina woyala nsalu, kuti sikirini isaime.

Vuto lachiwiri ndi moto. Anthu amaganiza kuti inki yamadzi ikauma padzuwa ndiye yatha. Ayi. Madzi ayenera kuyamba atuluka, kenako guluu uja apse pa madigiri 150 mpaka 160 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Nthawi imeneyi ndi yaitali kuposa ya plastisol, kutanthauza magetsi ambiri, ndipo magetsi athu a ZESA mukuwadziwa. Kuno dzuwa limatithandiza. Ndimayanika nsalu pachingwe tsiku lonse kuti madzi atheretu, ndiye magetsi akabwera usiku, heat press imangomalizitsa. Amene alibe makina akhoza kusita ndi simbi, nsalu ina yopyapyala ataiyala pamwamba, koma asite modekha mbali iliyonse. Ukafupikitsa apa, kasitomala achapa kawiri chithunzi n'kuyamba kusuluka, tisheti n'kusanduka chokolopera. Nsalu yotayidwa msanga ndi chiwonongeko chachikulu kuposa supuni ya inki, ukaganiza za madzi ndi mankhwala amene thonje linadya kumunda, kaya ku Gokwe kaya kunja.

Vuto lachitatu ndi lija la malume. Poti imatsukika ndi madzi, dzanja limathamangira kumpopi. Koma chimene chikutsikacho ndi utoto ndi akiliki, ndipo akiliki ndi pulasitiki ndithu. Kusungunuka m'madzi si kutha.

Pa nsalu zakuda inki yamadzi wamba imamira. Ilipo yokhuthala yopangidwira zimenezi, koma imafuna kudinda kawiri ndi kuumitsa pakati. Ilipo ina yotchedwa discharge, imene imachotsa utoto wa nsaluyo n'kuika wake. Zotuluka zake ndi zokongola, zofewa ngati sunadinde. Koma ufa umene umaiyambitsa nthawi zambiri umatulutsa mpweya woopsa wotchedwa formaldehyde ukatenthedwa, ndipo ukasakaniza uyenera kuimaliza tsiku lomwelo, yotsala ndi yotaya. Imagwira pa thonje lokha, ndiponso si tisheti yakuda iliyonse imene imalola. Kwa munthu wodindira m'galaja, ana akusewera pakhomo, ine ndimati aisiye.

Palinso njira yakale imene ena akadali nayo, yomenya parafini ndi madzi kuti apange phala lodindira n'kuthiramo utoto. Ndi yotsika mtengo, koma parafini yense uja amauluka n'kulowa m'mapapo mwako nsalu ikamauma, ndipo pafupi ndi moto ndi ngozi. Cholimbitsa chamakono chimagwira ntchito yomweyo popanda zimenezo.

Anthu akamva zonsezi amati, bwanji osangobwerera ku zamakolo? Tiyeni tizione.

Kuno ku Zimbabwe kuli luso limene alendo amagula kwambiri, la nsalu zojambulidwa ndi phala, limene amalitcha sadza batik. Umaphika phala la ufa wa chimanga, kulisefa, n'kulemba nalo pansalu ndi kabotolo kofinya kapena kulipaka kudzera pa pepala lobooledwa. Likauma padzuwa umalithyolathyola kuti ling'ambike timing'alu, umapaka utoto, kenako umapala phalalo n'kusiya mizere yoyera ndi timitsempha tokongola. Ku Nigeria amachita zofanana ndi phala la chinangwa pa nsalu za adire, ndipo kwa ife odziwa kondowole, chinangwa si chachilendo. Phala lake ndi losalala kuposa la chimanga, moti limatha kudutsa pa sikirini ya mabowo aakulu.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Palibe sera yosungunula, palibe mankhwala ojambulira sikirini, ndipo dzuwa ndilo makina. Koma tisanamizane: phalalo ndi lotchinga chabe, silipereka mtundu. Mtundu umachokerabe ku utoto wa m'sitolo, womwe uja wa akiliki, ndiye makoko a phala opalidwa aja ali ndi utoto, si opatsa nkhuku. Ndi ntchito yochedwa, yodalira nyengo, ndipo m'Januwale mvula ikamagwa phala limachita nkhungu lisanaume. Pa nsalu zokongoletsa khoma, mapilo ndi nsalu za patebulo, njirayi ndi yabwino ndipo mtengo wake umakwera chifukwa iliyonse ndi yakeyake. Pa mayunifolomu 200 ofunika Lolemba, iwalani. Ndiponso m'nyumba mwathu munali mlandu wina. Chaka cha chilala cha 2024 agogo anandipeza ndikupaka phala pansalu, ndipo anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, ufa ndi woseweretsa?" Kuyambira pamenepo ndimagwiritsa ntchito wofumbwa kapena wosesedwa kuchigayo.

Utoto wa zomera ndiwo umakopa mitima kwambiri. Makoko a anyezi amapereka chikasu chopita ku golide, nthanga ndi makoko a mapeyala zimapereka kufiirira kotuwa, masamba a bulugamu ndi tiyi zimapereka mitundu ya dothi. Madzi amene mwagonamo misomali yadzimbiri akakumana ndi tiyi kapena makungwa amatulutsa kutuwa mpaka kuda. Kuti udinde nawo pa sikirini, umawiritsa mpaka madziwo akhuthale mtundu, umalimbitsa ndi sitalichi kapena ulimbo wa mtengo, ndipo nsalu iyenera kuyamba yaviikidwa mu alum, mankhwala ooneka ngati mchere, kuti utoto ugwire. Ukadinda umaifukiza ndi nthunzi, kenako kuchapa.

Ndinayesa, ndipo ndimayesabe ndikapeza mpata, koma ndiuike pamalo pake. Mitundu yake ndi yofatsa, ndipo kasitomala wa mpingo kapena wa kampani amafuna buluu wake weniweni, wofanana pa nsalu zonse. Ina imasuluka msanga padzuwa lathuli. Kuwiritsa ndi kufukiza kumadya gasi kapena nkhuni, ndiye ngati ukudula mitengo kuti upange utoto wachilengedwe, wangosamutsa chiwonongeko. Choipa kwambiri ndi kusenda makungwa. Mlombwa uli ndi utomoni wofiira ngati magazi, koma mtengo wosendedwa mozungulira umafa, ndipo mlombwa umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Chanzeru ndi kutola zotayidwa. Ku Mbare Musika makoko a anyezi amangoseseredwa kumbali, ndipo ukapempha mwaulemu amayi ogulitsa amakudzazira thumba, mwina akukuseka. Pogwiritsa utoto, khalani pa alum ndi chitsulo basi. Mabuku ena akale amatchula kopa ndi chrome, koma zimenezo ndi poizoni. Njirayi ndi ya misika ya zaluso ndi ya makasitomala ofuna chinthu chapadera, amene ungawauze kuti achape ndi madzi ozizira n'kuyanika pamthunzi.

Za DTF, zithunzi zodindidwa pa pepala la pulasitiki n'kumatidwa pansalu ndi moto zija zadzaza m'tauni, sindichedwapo. Sizifuna madzi, ndipo pa matisheti asanu a tsiku lobadwa zimaposa kukonza sikirini. Koma chithunzi chilichonse chimasiya pepala la pulasitiki lotaya, guluu wake ndi pulasitiki, ndipo utsi wa pousungunula si wopuma. Oda ikakula, sikirini imabwezanso ulemu wake.

Tsopano pali chinthu chimene sichikhudza inki n'komwe, koma kwa ine ndicho choyamba kusintha. Ndi mankhwala ojambulira chithunzi pa sikirini, amene timapaka pamenepo n'kuwawotcha ndi kuwala kuti alimbe paliponse kupatula pa chithunzicho. Akuluakulu ambiri anatiphunzitsa kusakaniza guluu woyera wa matabwa ndi timiyala tofiirira ngati lalanje, totchedwa dichromate. Zimagwira ndipo n'zotsika mtengo. Koma timiyalato ndi mtundu wa chromium umene umayambitsa khansa, umabowola zilonda pakhungu, ndipo ukatsuka sikirini wonse umene sunapse ndi kuwala umapita ndi madzi. Mwa zonse zimene zimatuluka m'malo odindira, ichi ndicho choopsa. Emulsion ya diazo, imene imagwira ntchito yomweyo ndipo umagula yokonzeka, ndi yokwera mtengo pang'ono koma ilibe chromium, ndipo ukaisunga pozizira ndi pamdima imakhalitsa. Powotcha chithunzi simufunika mababu: dzuwa la masana kuno, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, limamaliza mofulumira kwambiri, mungoyesa kaye pa kachidutswa kuti mudziwe nthawi yake. Pa zilembo zikuluzikulu ndi zithunzi zosavuta, pepala lodula ndi lezala kapena vinilo zimakwana, osafuna mankhwala alionse. Ndipo sikirini ya kasitomala wobwerabwera, monga sukulu kapena mpingo, musafufute. Kusunga fulemu imodzi n'kotsika mtengo kuposa kuitsuka ndi mankhwala chaka ndi chaka.

Tibwerere kumpopi. Njira ya malume ndi ya zidebe zitatu za malita 20, ndipo ndiyo yasintha kangalande kathu. Sikirini isanakhudze madzi, ndimapala inki yonse kubwezera m'chitini n'kupukuta ndi nsanza. Nsanzazo ndi matisheti ong'ambika a kaunjika a ku Mupedzanhamo, omwenso ndimayeserapo chithunzi ndisanakhudze nsalu ya kasitomala. Kenako ndimatsukira m'beseni lalikulu ndi siponji, madzi ochepa, n'kuwathira m'chidebe choyamba. Madzulo ndimathiramo alum pang'ono wosungunula, kutakasa, n'kuwonjezera kalayimu. Pofika m'mawa utoto umakhala utaundana pansi ngati matope, pamwamba pali madzi oyererako. Amenewo ndimawatsanula mosamala kudzera pansalu kupita m'chidebe chachiwiri, agonenso, kenako chachitatu. A m'chachitatu ndiwo ndimayambira kutsuka tsiku lotsatira. Poti madzi a mumpopi amasowa ndipo kumjigo kumakhala mzere, izi zimandipulumutsanso maulendo a wilibala. Matope aja ndimawakokolera m'chitini chakale cha penti, aume padzuwa mpaka asanduke chikhakha, ndiye ndimamanga m'pepala n'kuika m'bini yopita kotayira zinyalala ku Pomona. Madziwo, ngakhale aoneke oyera, si othirira mpiru kapena tomato, ndipo otsalira amapita m'suweji, osati m'ngalande ya madzi amvula imene imathira mumtsinje mosadutsa kokonzera. Lamulo la zachilengedwe la dziko lino limaletsa kutaya madzi oipa a ntchito mwachisawawa, ndipo a EMA, bungwe la boma loona zachilengedwe, ali ndi mphamvu yolipiritsa, choncho amene bizinesi yake yakula apite akafunse zoyenera asanamuyendere.

Mwana wa achemwali anga akuyamba ntchitoyi ku Epworth, ndipo mwezi watha anabwera ndi kapepala ka zinthu zoti agule. Ndinafufuta dichromate n'kulemba diazo. Pa inki ndinamuuza kuti atenge yamadzi yoyera ndi mitundu itatu ya utoto, chifukwa makasitomala ake oyamba adzakhala a zitenje, mabungwe a maliro ndi masukulu a mkaka, zonse za thonje loyera kapena lowala. Plastisol agule chitini chimodzi choyera, chokhala ndi chizindikiro chonena kuti mulibe phthalates, cha majezi a mpira ndi maovolosi akuda basi. Phala ndi makoko a anyezi aziyesa Loweruka, akadzaona msika wake. Iye anayang'ana kapepalako n'kufunsa kuti, "Nanga zidebe zitatuzi, amalume, n'zofunikadi panopa? Ndalama yachepa." Ndinamupatsa ziwiri zanga zakale, chachitatu anakapempha kwa agogo ake.